Kilatchi ya njinga: vuto ndi dzanja lamanzere

Munaonapo mnyamata wongoyamba kumene kabaza akunyamuka pa siteji, njinga n'kudumpha ngati mbuzi, pasenja kutsala pang'ono kugwa chagada? Njingayo ilibe mlandu, abale.

Kilatchi ndi imene imalumikiza injini ndi magiya. Mukaifinya, tayala lakumbuyo sililandira mphamvu. Mukaitaya kamodzin'kamodzi, mphamvu yonse imafika nthawi imodzi, ndiye njinga imadumpha kapena kuzima. Finyani, lowetsani giya wani ndi phazi lamanzere, kenako masulani pang'onopang'ono mpaka mumve injini yasintha kaliridwe, njinga ikufuna kusuntha. Pamenepo dikirani kaye, onjezani moto pang'ono, ndiye masulani yonse. Pa chitunda, ngati zija za ku Ndirande, pondani buleki yakumbuyo mpaka kilatchi itagwira, apo bii mubwerera chambuyo ndi pasenja wanu.

Chimene chimadya ndalama n'kuyenda mutaigwira theka, makamaka pa jamu. Mapuleti amapsa, njinga imangolira osathamanga, ndalama ya tsiku lonse n'kuthera kwa makaniko.

Njinga zina za matayala anayi, monga Yamaha Raptor 700, kilatchi yake ndi yomweyi, kungoti moto mumakankha ndi chala chachikulu chakumanja.