Chikwangwani chikuti nyumba ndi yabwino, nanga chidendene cha agogo chikuti chiyani?

M'mwezi wa Januwale 2010, bungwe loyendera malo osamalira anthu ku England, la Care Quality Commission kapena kuti CQC, lidalengeza kuti nyumba ya Orchid View, m'dera la West Sussex, ndi yabwino. Idali nyumba yatsopano ya kampani ya Southern Cross, imene pa nthawiyo idali ndi nyumba zosamalira okalamba pafupifupi 750. Chaka cha 2011 chisanathe, nyumbayo idatsekedwa. Mu 2013, mkulu wofufuza za imfa, Penelope Schofield, ataunika imfa za okalamba 19 a m'nyumbamo, adapeza kuti kulekerera kudathandizira imfa za asanu mwa iwo. Mmodzi adali mayi amene adamwetsedwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, mlingo woposa wake katatu. Okalamba ankaliza belu loitanira thandizo popanda wobwera, ndipo kwa ena belulo linkaikidwa pomwe dzanja silingafike. Wovundukula zonsezi sadali woyendera wa boma ayi, koma mayi wa mu ofesi ya nyumba yomweyo, amene adatopa nazo n'kukauza apolisi.

Nkhaniyi ndi ya ku Mangalande, koma si ya azungu okha. Kuyambira mu Febuluwale 2022, pamene boma la Britain lidatsegula viza ya ntchito yosamalira okalamba, ana athu ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe adalowa m'nyumba zoterezi. Ndi amene akusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza makolo a anthu ena. Anamwino athu amene adapita zaka makumi awiri zapitazo nawo imvi zawayamba, ndipo m'mabanja ena muli kale munthu amene adagwa ndi sitiroko, chipatala n'kunena kuti apite kunyumba yophunzitsanso thupi asanabwerere kwawo. Banja likafika pamenepo, limapatsidwa mndandanda wa nyumba ndi masiku ochepa oti lisankhe.

Choyamba chimene limaona ndi chikwangwani cha CQC. Bungweli lidayamba ntchito mu 2009, ndipo kuchokera mu 2014 limaika nyumba iliyonse pa mlingo umodzi mwa inayi: yopambana, yabwino, yofunika kukonza, kapena yolephera. Oyendera amafuna kudziwa ngati anthu ali otetezeka, ngati chithandizo chikugwira ntchito, ngati ogwira ntchito ali ndi chifundo, ngati zosowa za munthu aliyense zikumveka, komanso ngati utsogoleri uli bwino. Lamulo limakakamiza nyumba kupachika zotsatirazo poonekera, ndipo lipoti lonse limapezeka pa intaneti kwaulere. N'chinthu chabwino, ndipo wosaliwerenga akudzimana yekha.

Koma muyambe ndi tsiku limene lidalembedwa. Mu 2024, Dr Penny Dash, amene boma lidamutuma kukaunika bungwe la CQC lenilenilo, adapeza kuti pafupifupi malo amodzi mwa asanu aliwonse amene bungweli lili ndi mphamvu zowayendera adali asanapatsidwepo mlingo, ndipo milingo ina ya nyumba zosamalira anthu idali ya mu 2015. M'zaka zochuluka chotero nyumba imasintha eni, bwana amene adaikonza amachoka, ophika ndi anamwino amalowana. Adamvanso za woyendera nyumba ya okalamba amene adali asanakumanepo ndi munthu wa matenda oiwalaiwala. Ngakhale lipoti likhale latsopano, woyendera amakhalapo tsiku limodzi kapena awiri, kawirikawiri masana. Chipatala cha Whorlton Hall ku County Durham, chosunga anthu olumala ubongo, chidali pa mlingo wa chabwino pamene mtolankhani wa BBC adalowamo mobisa n'kujambula ogwira ntchito akuzunza odwala. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu.

Umboni wosanama uli pathupi la wosamalidwayo. Munthu wosatha kudzitembenuza akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi amasiya kufika pakhungu pamene fupa lagunda matiresi: m'munsi mwa msana, m'chiuno, pazidendene. Chimayamba ngati banga chabe, kenako khungu limasupuka, ndipo pa gawo lachinayi, lomwe ndi lomaliza, chilonda chimafika pamnofu ndi fupa. Chikalowa matenda, chimapha. Malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku England, amati munthu amene ali pachiopsezo chachikulu asapitirire maola anayi asanasinthe kagonedwe, ndipo nyumba zambiri zimalemba maola awiri pa ndondomeko ya wodwala wofookeratu. Apa pali mfundo imene mabanja athu ayenera kuigwiritsitsa. Mabuku ambiri amaphunzitsa kuti chizindikiro choyamba ndi kufiira kwa khungu, koma khungu lakuda silifiira moonekera. Pamalopo pamada kuposa pozungulira, mwina kuoneka mobiriwira, pamatentha kapena kuuma gwa mukapakhudza. Wosamalira amene adaphunzira pa zithunzi za azungu zokha angadutse osaona kanthu mpaka chilonda chitaphulika. Choncho mukapita kukazonda agogo, musamangocheza nawo atafunda bulangeti mpaka m'khosi. Apempheni mwaulemu, muvule sokosi, muone chidendene.

Pepala lolembapo nthawi zotembenuza wodwala nalo limalankhula, koma mosiyana ndi mmene eni ake amafunira. Likakhala loyera bwino, cholembera chimodzimodzi, dzanja limodzimodzi, nthawi zonse zogwera ndendende pa ola, kayikirani: mapepala otero amadzazidwa nthawi imodzi shifiti ikamatha. Pepala la ntchito yeniyeni limakhala ndi mphindi zokhota ndi zofufuta.

Za madzi n'zosavuta kuona. Kapu ili pafupi kapena ili patebulo lakutali? Milomo yauma? Okalamba samva ludzu msanga, ndipo thupi likauma amayamba kusokonezeka mutu, kudwala chikhodzodzo ndi kugwa. Pa nthawi ya chakudya, onani ngati pali wokhala pansi n'kudyetsa munthu modekha, kapena mbale ikungoikidwa n'kudzachotsedwa itazizira. Nyumba yolongosoka imayeza sikelo ya aliyense mwezi ndi mwezi ndipo imakuonetsani mosavuta. Wodwala sitiroko amene akutsamwa akamamwa afunika kuyezedwa kamezedwe, chifukwa chakudya cholowera m'mapapo ndicho chimabweretsa chibayo.

Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba ya zii ndiyo yabwino. Ine ndimaiopa. Okalamba khumi ali ndondondo pamipando masana, mitu ili pachifuwa, wailesi yakanema ikudzilankhulira, mwina si mtendere. Mu 2009, Pulofesa Sube Banerjee adauza boma la Britain kuti anthu pafupifupi 180,000 a matenda oiwalaiwala ankapatsidwa mankhwala amphamvu a misala, ambiri mwa iwo osapindula nawo kanthu, ndipo kuti mankhwalawo ankawonjezera imfa pafupifupi 1,800 pachaka. Gogo wolongolola, woyendayenda usiku, amatopetsa. Womugoneka ndi mapiritsi wapeputsa ntchito yake, osati matenda a gogoyo. Mayi anu akangosintha mwadzidzidzi n'kukhala atulo, funsani dzina la mankhwala atsopano, amene adawalemba, ndi tsiku limene adzaunikidwenso.

Mbali yophunzitsanso thupi ndiyo imabisika kwambiri, chifukwa chipinda cha mafizo chimaoneka bwino pachithunzi ngakhale chitakhala chokhoma sabata yonse. Ku England chithandizo chothandiza munthu kuimanso payekha akatuluka m'chipatala chimaperekedwa kwaulere mpaka masabata asanu ndi limodzi, ndiye tsiku lililonse lotayika n'lodula. Mu 2023, NICE idati wodwala sitiroko amene angakwanitse azilandira mafizo ndi maphunziro ena a thupi maola osachepera atatu patsiku, masiku asanu pasabata. Ndi malo ochepa amene amafikapo, koma pamenepo ndi poyambira kufunsa. Dokotala wa mafizo amabwera kangati? Akachoka, ndani amapitiriza? Cholinga cha mwezi uno n'chiyani? Yankho labwino limakhala logwirika, monga lakuti bambo azitha kuchoka pabedi kupita kuchimbudzi ndi ndodo. Pali muyeso wakale wa mu 1965, wotchedwa Barthel, umene umawerengera zinthu khumi monga kudya, kusamba, kuvala ndi kukwera masitepe. Nambala ya tsiku lolowa ndi ya lero ziyenera kusiyana. Chomvetsa chisoni n'chakuti kufulumira kumalemaza. Kuveka munthu thewera n'kwachangu kuposa kumuperekeza kuchimbudzi, kumukankha panjinga n'kwachangu kuposa kumudikira aponde yekha. Pakatha mwezi, munthu amene adalowa akuyenda pang'ono amatuluka wosayenda, pamene aliyense adamuchitira zonse mwaulemu.

Zonsezi gwero lake ndi limodzi: manja. Lamulo la ku England silitchula chiwerengero cha osamalira pa odwala. Limangoti akhale okwanira. Nyumba yolembetsedwa ngati ya anamwino iyenera kukhala ndi namwino usana ndi usiku, pamene nyumba wamba ya okalamba sikakamizidwa kutero, ndipo mabanja ambiri sadziwa kusiyanaku. Funsani kuti usiku pamakhala anthu angati pa nsanjika iliyonse, ndi angati mwa iwo amene ali aganyu ochokera ku ejensi. Waganyu angakhale wakhama, koma sadziwa kuti agogo awa akakana tiyi ndiye kuti akudwala. Funsaninso kuti bwana wa nyumbayo wakhalapo zaka zingati.

Ndipo apa m'pamene nkhani ikubwerera kwa ana athu. Amene amadziwa choonadi cha nyumba ndi amene amagwira shifiti ya usiku, koma wa viza ntchito yake ndi chilolezo chake chokhalira m'dzikomo zili m'manja mwa bwana mmodzi. Akachotsedwa, amakhala ndi masiku 60 oti apeze womulemba wina, kwinaku kumudzi akudikira fizi. Munthu wotero akaona zolakwika amameza mate. Nyumba imene imazunza antchito ake siingasamale bwino okalamba, ndipo mukaona nkhope zatsopano ulendo uliwonse, mwayankhidwa kale. Kwa wogwira ntchito, dziwani kuti CQC imalandira chidziwitso popanda kutchula dzina, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi ofesi yoteteza akuluakulu osatha kudziteteza.

Kuno kwathu wodwala amagona ndi gadiyani pansi pa bedi, ndipo ngakhale dongosololi lidabadwa chifukwa cha kuchepa kwa anamwino, lili ndi diso limene lipoti silingakhale nalo. Koma zinthu zikusintha. Ana ali m'tauni kapena kunja, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akusiya anthu ambiri ofa ziwalo, ndipo malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre sangalandire aliyense. Nyumba zolipira zidzachuluka, tifune tisafune. Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza lamulo la okalamba mu 2024, koma ngati dziko lolemera ngati England likulephera kuyendera nyumba zake pa nthawi, tisayembekezere kuti boma lathu lidzatiyang'anira makolo.

Ku England, kuyambira mu Epulo 2024, lamulo limakakamiza nyumba zosamalira anthu kulola achibale kudzaona anthu awo, kupatula pa zifukwa zapadera. Inu amene muli ndi kholo m'nyumba yotere, gwiritsani ntchito ufulu umenewu. Musapite Loweruka masana pokha pamene akukuyembekezerani. Tulukirani Lachiwiri madzulo, mukhalepo mpaka shifiti isinthe.