Kodi Ntchito ya Ofufuza za Ubongo Imayezedwa Bwanji?

Omvera a m'boma la Chiradzulu ndi madera ena onse, nyengo ya dzinja ikafika, zipatala za ku Namitambo, Namadzi ndi Nguludi zimadzaza ndi ana odwala malungo. Ambiri amalandira mankhwala nabwerera kwawo. Koma alipo ena amene amafika ali chikomokere, osayankha ngakhale mayi wao atawaitana ndi dzina. Nthenda yotereyi imatchedwa malungo a mu ubongo. Namwino kapena wothandiza dokotala akamuona mwanayo, amalemba pa khadi nambala imodzi, kuyambira 0 kulekeza 5, ndipo nambalayo ndiyo imathandiza kugamula ngati mwanayo ayenera kuthamangitsidwa ku chipatala chachikulu cha boma, kapenanso ku Gulupu mu mzinda wa Blantyre. Nkhani ya lero ikufotokoza kumene nambala imeneyi inachokera, ndi mmene akatswiri a maphunziro amayezera kulemera kwa ntchito ya anthu amene anaitulukira.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a uthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi tinthambi timene timakhudzana ndi anzake zikwi zingapo, kotero kuti kuona, kulankhula ndi kutambasula mkono zonse zimadalira uthenga woyenda m'tinjira timeneti. Chigawo chimene chimamva ululu chiyenera kuuza chigawo chimene chimasuntha dzanja. Njira ikaduka pakati, zigawo ziwirizo zingathe kukhala zamoyo koma munthuyo osachita kanthu. Ku Amerika ndi ku Ulaya kuli akatswiri amene ntchito yao yonse ndi kujambula mapu a tinjira timeneti, makamaka chiyambire chaka cha 2005 pamene Olaf Sporns ndi anzake analemba kuti mapu otere ayenera kupangidwa. Kuno kwathu funso linafika mwa njira ina, kudzera kwa mwana wogona pa bedi wosatha kuphethira.

Dr. Malcolm Molyneux wa ku Mangalande anayamba kugwira ntchito m'Malawi m'zaka za m'ma 1970. Dr. Terrie Taylor wa ku sukulu ya ukachenjede ya Michigan State ku Amerika anafika m'chaka cha 1986, ndipo awiriwa anayamba kufufuza za malungo pakati pa ana pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu. Vuto loyamba limene anakumana nalo linali la muyeso. Madokotala anali kale ndi njira yoyezera kukomoka, imene inapangidwa ku Glasgow m'chaka cha 1974, koma njirayo imafuna kuti wodwala afunsidwe mafunso nayankhe monga munthu wamkulu. Nanga mwana wa chaka chimodzi ndi theka, amene ngakhale ali bwino satha kunena tsiku kapena malo amene ali, angayezedwe bwanji?

Yankho lao linasindikizidwa m'chaka cha 1989 m'magazini ya madokotala yotchedwa Quarterly Journal of Medicine. Olemba anali anayi: Molyneux, Taylor, Dr. Jack Wirima amene ndi Mmalawi, ndi Dr. Ankie Borgstein. Iwo anafotokoza za ana 131 amene anafika ali chikomokere, ndipo mwa iwo 20 anamwalira. M'kalata yomweyo anaikamo muyeso watsopano umene masiku ano umadziwika pa dziko lonse ndi dzina la Blantyre. Woyeza amayang'ana zinthu zitatu. Ngati maso a mwana akutsata nkhope ya mayi wake kapena chinthu choyenda, amapatsidwa 1. Ngati akulira monga alirira mwana wamoyo akamva ululu, amapatsidwa 2, koma ngati angobuula amapatsidwa 1. Ngati atapsinjidwa pa chifuwa atambasula dzanja kukankha chimene chikumupweteka, amapatsidwa 2, koma ngati angobweza mkono poupsinja chikhadabo amapatsidwa 1. Mwana amene zonse pamodzi zakwana 2 kapena kucheperapo ndiye kuti wakomoka ndithu. Muyesowu sufuna magetsi kapena makina, ndipo kunena zoona ukuyeza tinjira tomwe tija ta uthenga: ngati diso likulankhulana ndi chikumbumtima, ndiponso ngati khungu likulankhulana ndi dzanja.

Tsono kulemera kwa kalata yotere kumadziwika bwanji? Pakati pa anthu ophunzira pali mwambo wakuti aliyense wolemba za kafukufuku wake azitchula makalata a anzake amene watengamo nzeru. Kutchulidwa kotereku kumawerengedwa. Munthu wina wa ku Amerika, Eugene Garfield, ndiye anayamba kusonkhanitsa mawerengedwe amenewa m'mabuku m'chaka cha 1964, ndipo masiku ano kompyuta ndiyo imachita ntchitoyo. M'chaka cha 2005 katswiri wina, Jorge Hirsch, anaonjezapo njira yofupikitsa moyo wonse wa wofufuza mu nambala imodzi yotchedwa h. Munthu amene h wake ali 40 ndiye kuti ali ndi makalata 40 amene iliyonse yatchulidwa kosachepera ka 40. Masukulu a ukachenjede amayang'ana nambala zimenezi pokweza aphunzitsi, ndipo mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amaziyang'ananso. Kalata ya 1989 ija yatchulidwa mazanamazana, chifukwa pafupifupi aliyense wofufuza za malungo a mu ubongo, kaya ku Kenya, ku Ghana kapena ku Uganda, ayenera kunena muyeso umene anagwiritsa ntchito.

Ntchito ya ku Gulupu sinathere pamenepo. M'chaka cha 1993 dokotala wa maso, Susan Lewallen, anafotokoza zizindikiro zimene zimaoneka m'kati mwa diso la mwana wodwala nthendayi. Kufunika kwake kunaoneka bwino m'chaka cha 2004, pamene Taylor ndi anzake anasindikiza zotsatira za kupima matupi a ana 31 amene madokotala ankati afa ndi malungo a mu ubongo. Zinapezeka kuti 7 mwa iwo anafa ndi zina, ngakhale anali ndi tizirombo ta malungo m'magazi. Chimene chinasiyanitsa magulu awiriwo ana ali moyo chinali diso. Apa nkoyenera kuima pang'ono. Kalata imeneyi inatheka kaamba ka makolo amene, ali pakati pa chisoni, analola kuti thupi la mwana wao lipimidwe lisanapite kumudzi. Aliyense wodziwa mwambo wa maliro adziwa kuti chilolezo chotere si chapafupi.

M'chaka cha 2008 chipatala cha Gulupu chinalandira makina a MRI, oyamba m'dziko muno, amene amajambula za m'kati mwa mutu popanda kung'amba. Mmodzi mwa akatswiri owerenga zithunzizo anali Dr. Sam Kampondeni. M'chaka cha 2015 Dr. Karl Seydel, Kampondeni, Taylor ndi anzao analemba mu New England Journal of Medicine za ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha. Chigaza sichifutukuka. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, ndipo umapsinja tsinde lake, pamene pali malo olamulira kupuma. Mwanayo amaleka kupuma mtima usanaleke kugunda. Funso limene linazunguza madokotala kwa zaka zoposa 100, lakuti kodi ana amenewa amafa ndi chiyani kwenikweni, linayankhidwa kwakukulu ndi zithunzi za ana a ku Blantyre ndi maboma oyandikana nawo.

Ochira nawonso sanaiwalike. Dr. Gretchen Birbeck anatsata ana 132 atatuluka m'chipatala, ndipo m'chaka cha 2010 anaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anatsala ndi vuto, monga khunyu, kulumala kapena kusintha kwa khalidwe. Mphunzitsi wa ku Thumbwe amene ali ndi mwana wosakhazikika m'kalasi angachite bwino kufunsa makolo ngati mwanayo anakomokapo ndi malungo, asanamutche wamwano.

Kuwerenga kutchulidwa kuli ndi phindu lake, pakuti kalata imene palibe woitchula kawirikawiri imakhala kuti sinathandize wina aliyense. Koma sikelo imeneyi ili ndi mbali imene imapendekera. Matenda amene ali ndi ofufuza ambiri amabala kutchulidwa kwambiri. Nthenda ya kuiwala ya anthu okalamba, imene maiko olemera amathirapo ndalama zochuluka, ili ndi olemba ambirimbiri otchulana okhaokha, pamene malungo a mu ubongo, amene amapha ana a alimi, ali ndi ochepa. Motero wofufuza wa ku Blantyre ndi wa ku London sangayerekezedwe ndi nambala yokha. Chinanso nchakuti kompyuta imawerenga olemba okha. Wothandiza dokotala wa pa Mbulumbuzi amene amayeza ana ndi muyeso wa Blantyre usiku wa mvula salemba kalata, ndipo ntchito yake siionjezera kanthu pa h wa munthu aliyense, chonsecho iye ndiye amene muyesowo unapangidwira. Palinso nkhani ya maina. Kwa zaka zambiri dzina loyamba ndi lotsiriza pa makalata ochokera mu Afirika, amene ndiwo malo a ulemu, linkakhala la mlendo. Zimenezi zinayamba kusintha pamene sukulu ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndi pamene bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome linakhazikitsidwa m'chaka cha 1995, Molyneux ali mtsogoleri wake woyamba. Iye anamwalira m'chaka cha 2021, chaka chomwe sukulu ija inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences.

Kwa kholo la ku Chiradzulu, zimene zalembedwa m'makalata onsewa zimafika pa mfundo zingapo zogwirika. Mwana wotentha thupi amene wayamba kugona kosadzuka, kulephera kuyamwa kapena kugwedezeka thupi asagonekedwe pakhomo kudikira m'mawa, pakuti kutupa kwa ubongo kumayenda ndi maola. Kuchipatala adzamuyeza shuga m'magazi, chifukwa Taylor ndi Molyneux anaonetsa m'chaka cha 1988 kuti ena mwa ana otere amafika shuga atatsika, ndipo adzamubaya jakisoni wa artesunate, amene analowa m'malo mwa kwinini kafukufuku wa 2010 wa ana oposa 5,000 m'maiko 9 a mu Afirika ataonetsa kuti amapulumutsa ambiri.