Madzi a mvula akacoka pakhomo panu, amapita kuti?

Mvula ikadzagwa, imani pakhomo muyang'ane madzi. Amatsika padenga la malata, n'kuthamanga pabwalo, n'kulowa mumsewu. Poyamba anali oyera. Akamafika pangalande amakhala atafiira. Atola dothi, mapulasitiki, ndowe za mbuzi, mafuta a galimoto, ngakhale zonyansa za m'cimbudzi cosefukira.

Madziwa sathera pangalande ayi. Ngati mumakhala ku Tete, amakalowa mu Zambezi. Ku Moatize amatsikira mu Revúbuè. Ku Metangula amakathira m'nyanja ya Niassa, momwe timagwira usipa. Tsono zimene mvula yakokolola pabairo panu mudzazipeza kumtsinje, kumene mumacapa ndi kutunga madzi.

N'cifukwa ciani madzi amathamanga conco m'tauni? Kuchire, mvula imagwera pamasamba ndi paudzu. Imatsika pang'onopang'ono n'kulowa pansi. Nthaka imasefa madzi monga nsalu imene amayi amasefera. M'tauni pansi taphimbapo ndi malata, simenti ndi phula. Pabwalo timasesa mpaka pamauma gwa. Madzi amasowa polowera, ndiye onse amathamangira kumunsi nthawi imodzi. Nyumba za kumunsi zimamira, ndipo zitsime zosatseka zimalowa madzi oipa. Apa ndi pamene kolera ndi matenda otsegula m'mimba amayambira.

Tiyeni tione zimene zinacitika ku Beira, m'cigawo ca Sofala. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja yamcere, pamalo otsika kwambiri. Pakati pake pamadutsa kamtsinje kochedwa Chiveve. Kwa zaka zambiri, pamene kamtsinjeka kamathirira m'nyanja panali potsekeka. Madzi anaima, anthu n'kumatayamo zinyalala, ndipo mvula ikagwa mabairo oyandikana nako ankasefukira.

Boma, mothandizidwa ndi dziko la Germany komanso Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, linakonza Chiveve. Anacotsa matope ndi zinyalala. Anatsegula njira yopita kunyanja, n'kuikapo zitseko zikuluzikulu zamadzi. Zitsekozi amazitseka kuti madzi a m'nyanja asasefukire mumzinda, ndipo amazitsegula nyanja ikaphwa kuti madzi a mvula atuluke. M'mbali mwa kamtsinjeka anasamalira ndi kubzala mitengo ya mangal, ija imamera m'matope a madzi amcere. Mizu yake imagwira dothi, ndipo matope amatsalira pamenepo. Mumzindamo anakonzanso ngalande zazikulu, ndipo ku Maraza anakumba dziwe losungira madzi mvula ikaculuka.

Mu Malici 2019 namondwe Idai anawomba Beira. Mphepo inasasula madenga ambirimbiri, ndipo pambuyo pake kunabuka kolera. Ngalande sizikanaletsa mphepo. Koma m'mabairo amene ngalande zinali zitakonzedwa, madzi sanakhalitse ngati kale. Kumapeto kwa 2020, m'mbali mwa Chiveve anatsegulamo paki. Pamene panali dzala la zinyalala, lero pali mitengo, njira zoyendamo ndi malo osewerera ana.

Mwina mukuti, "Zimenezo n'za boma, ine ndilibe ndalama zotero." N'zoona, ngalande zazikulu ndi nchito ya boma. Koma nzeru ya ku Chiveve ndi yosavuta: madzi apatsidwe malo, ayende pang'onopang'ono, adutse m'zomera asanafike kumtsinje. Izi mungazicite pakhomo panu.

Yambani ndi denga. Cherani madzi a padenga m'mgolo kapena m'cidebe, ndipo muzivundikira kuti udzudzu usaikiremo mazira. Madzi a mvula yoyamba musasunge, cifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame.

Kenako onani pamene madzi amadutsa pabwalo. Kumbani kadzenje kotambalala, kosazama, kakuya ngati cikhatho cimodzi. Muikemo mcenga ndi manyowa pang'ono, n'kubzalamo udzu kapena nthoci m'mbali mwake. Madzi azisonkhana mmenemo n'kulowa pansi. Kadzenjeka kakhale kutali ndi khoma la nyumba, cimbudzi ndi citsime. Madzi aziphwa pasanathe masiku 2. Akamakhalitsa, ndiye kuti dothi lanu ndi lamakande, ndipo kadzenjeko kasanduka cithaphwi ca udzudzu. Kakwirireni, muyese pena.

Pamalo otsetsereka bzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa. Mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo imagwira dothi. Musapale udzu wonse wa pabwalo, ingoudulani ukhale waufupi.

Ngalande si dzala. Thumba limodzi la pulasitiki limakola linzake, mcenga n'kuunjikana, ngalande n'kutsekeka. Mvula isanayambe, m'mwezi wa Okutobala, kambiranani ndi anansi anu ndi mlembi wa bairo kuti mugwirizane tsiku loyeretsa ngalande. Zimene mwacotsamo musazisiye m'mbali, mvula idzazibwezamo.

Comaliza, lemekezani dambo. Bango ndi udzu wa m'dambo zimagwira matope, ndipo dambo limasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'cilimwe. Munthu akakugulitsani malo a m'dambo pamtengo wotsika, ganizani kawiri. Madzi saiwala khwawa.

Ophunzira anga ndimawacititsa kanthu aka, nanunso yesani. Tengani zitini 2 za madzi. Cimodzi thirani pabwalo losesedwa, cina thirani paudzu. Onani madzi amene athamanga, ndipo onani mtundu wake. Mukatero, lembani m'kope lanu ziganizo 3 za zimene mwaona, mukawerengere anzanu m'kalasi.