Mtengo wa pa foni sukwera Ilala

Masiku ano mtengo wa katundu ukumayenda msanga kuposa katundu mwini wake. Sitolo ya ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ikalengeza m'mawa pa Facebook kuti yatsitsa mafuta ophikira, pofika masana nkhaniyo yamveka kale pa Mpamba, pa Chintheche, pa Kande, pa Usisya mpaka pa Ruarwe. Koma chigubu cha mafutacho chikadali pa shelefu m'tauni, sichinasunthe ngakhale phazi limodzi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yomwe ndikufuna tikambirane lero, inu anzanga a bizinesi m'tauni ndi inu ana a sukulu amene foni siichoka m'manja mwanu.

Kwa amene simunafikeko, Ruarwe ndi mudzi wa m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, kupitirira Usisya. Mapiri anachita kuupanikizira kunyanja, moti galimoto silifika. Wofuna kupitako ayende wapansi maola angapo kuchokera pa Usisya, apo ayi akwere boti kapena sitima ya Ilala, gogo uja anayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Sitimayo siifika pagombe penipeni. Imaima patali, anthu ndi katundu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Shuga, sopo, mchere, malata, simenti, zonse zimafika motero.

Tsono pali kamkangano kamene kabuka m'midzi yotereyi. Mnyamata wabwera ku holide kuchokera ku koleji, wapita pa okala kukagula shuga, wamva mtengo, basi watulutsa foni. Ndinaziona ndekha ndili komweko. "Adada, mukutibera. Taonani mtengo wake ku Mzuzu." Mwini okala, bambo wachikulire ndithu, anayang'ana fonayo modekha n'kuyankha kuti: "Chabwino mwana wanga, tenga shuga wa pa foniyo ukathire mu tiyi."

Anthu anaseka, koma nkhaniyi si yoseketsa. Munthu akatchedwa wakuba m'mudzi mwake momwe, dzinalo limamukakamira mpaka kutchalitchi ndi pa maliro. Ndiye tiyeni tiwerenge bwino tisanaweruze.

Mwini okala wa pa Ruarwe akafuna kukaoda katundu, ayenera kufika pa Nkhata Bay, kenako akwere minibasi mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kukafika ku Mzuzu. Pobwerera kondakitala alipiritsa katoni iliyonse ndi thumba lililonse. Pa doko pali anyamata onyamula. M'sitima katundu ali ndi mtengo wake. Potsika pali a boti, pagombe pali osenza. Munthuyo adye, agone, ndipo masiku onsewo okala ndi yotseka kapena yasiyidwa m'manja mwa mwana. Funde likamenya thumba la shuga, palibe woti amubwezere.

Tingoyerekeza chabe: waoda katundu wa K500,000, ndipo zonse tatchulazi zamudyera K75,000. Ndiye kuti pa kwacha iliyonse waonjezerapo kale 15 tambala asanapezepo ngakhale phindu la sopo wa kunyumba kwake. Ngati ndalama yoodera anailandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, potapa kwa ejenti adulidwanso.

Chinanso n'chakuti kumudzi katundu sayenda msanga. Bandulo ya shuga imene venda wa m'tauni amamaliza tsiku limodzi, kumeneko itha kugona sabata ziwiri. Pomwe munthu azibwerera kukaoda, mitengo yasintha. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anagulitsa pa mtengo wakale anakapeza kuti mpamba wonse sukukwanira kudzaza theka la shelefu. Ambiri anatseka okala nthawi imeneyo popanda kuberedwa ndi munthu aliyense.

Kodi nanga mtengo wa pa intaneti ndi wotsikadi kusiyana ndi wa m'sitolo? Katswiri wina wa zachuma, Alberto Cavallo, anafufuza funso lomweli n'kutulutsa zotsatira zake mu 2017. Anayerekeza mitengo ya makampani akuluakulu 56 m'mayiko 10, kuphatikizapo South Africa, ndipo anapeza kuti pa zinthu 100 zilizonse, pafupifupi 72 zinali ndi mtengo wofanana ndendende pa intaneti ndi m'sitolo. Kusiyana kwenikweni kumadza pa funso limodzi: anyamule katunduyo ndani, ndipo alipire ulendowo ndani?

Ukagula m'sitolo, wanyamula wekha ndi miyendo yako. Ukagula pa foni, wina akunyamulira, ndipo ndalama yake imatuluka ndithu, kaya poyera kaya mobisika. Kuno kwathu malonda ambiri a pa foni amachitikira pa WhatsApp ndi Facebook. Mtengo umaoneka wokoma, koma ukati utumize ndalama ndi pomwe umamva kuti ya kabaza ndi yapadera, ya basi ndi yapadera, komanso "muonjezere yotapira". Ukatchula Ruarwe, wogulitsa amayamba wafunsa ngati ndi m'Malawi momwemuno.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mtengo wa pa foni ndi fodya wa pachala. Mtengo wako ndi womwe walipira katundu atalowa pakhomo pako, ali wathunthu, wosanyowa komanso yemweyo unamuona pa chithunzi.

Tsopano tibwere ku nkhani ya makadi a umembala, amene abale athu a ku Joni amatisimbira akabwera. Anthu a ku Nkhata Bay akhala akupita ku South Africa kuyambira nthawi ya makolo athu, ndipo ambiri a iwo lero ali ndi kadi ya Xtra Savings m'thumba. Kadiyi inayamba ku masitolo a Checkers mu 2019, n'kufalikira ku Shoprite mu 2020. Pa shelefu pamakhala mitengo iwiri: wa munthu wa kadi ndi wa munthu wopanda kadi. Mu 2023 anaonjezerapo umembala wolipira R99 pa mwezi, woti azikubweretsera katundu pakhomo osalipiranso ulendo. Nzeru imeneyi anaitchukitsa ndi a Amazon ku America, amene mu 2005 anayambitsa Prime pa madola 79 pa chaka.

Kodi ndi chinyengo? Ayi, tisanamizire anthu. Ku Britain, komwe sitolo ya Tesco inayambitsa Clubcard mu 1995, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda linaunika mitengo ya zinthu pafupifupi 50,000 mu 2024, ndipo linapeza kuti pa 100 zilizonse, 92 zinalidi zotsika kwa munthu wa kadi. Koma linachenjezanso kuti mtengo wa kadi si nthawi zonse umakhala wotsikitsitsa m'tauni. Nthawi zina sitolo ya pafupi, yopanda kadi, imagulitsa motchipirapo.

Wamalonda sapereka chinthu chaulere, inu a bizinesi mukudziwa bwino. Kadi ija imalemba zonse zimene umagula, tsiku lake ndi nthawi yake, pamodzi ndi nambala yako ya foni. Mwini sitolo amadziwa tsiku limene umalandira malipiro, amadziwa kuti pakhomo pako pabadwa mwana iwe usanauze apongozi. Ndipo ukalipira ya umembala, mtima umakukoka kuti ukagule komweko ngakhale chinthu chomwe sunachifune, poopa kuti ndalama ya mweziwo ipita pachabe. Kuno kwathu lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu 2024. Ndi bwino kulidziwa musanapereke nambala yanu kwa aliyense wokulonjezani zotchipa.

Koma chachikulu n'chakuti umembala umapindulira munthu wokhala pafupi ndi sitolo, wogula pafupipafupi, wokhala ndi ndalama yogulira zambiri nthawi imodzi komanso firiji yosungiramo. Kunena mwatchutchutchu, zotchipa zimatsata munthu amene ali nazo kale. Mayi wa pa Ruarwe amene amagula mafuta oyeza pa kasupuni ndi shuga wa m'kapepala, ndi amene amalipira modula kuposa bwana wa ku Area 47 kapena ku Katoto, pomwe ndalama yake ndi ya thukuta la chinangwa ndi usipa.

Komanso kadi ndi yabwino pamene sitolo ikadalipo. Masitolo a PTC, amene tinakula tikuwaona pa maboma athu, anatsekedwa mu 2022. Mu 2025 a Shoprite analengeza kuti akugulitsa masitolo awo a m'Malawi. Sitolo yaikulu imawerengera phindu lake, ikaona kuti sizikuyenda imanyamuka. Bambo wa okala uja sanyamuka, manda a makolo ake ali pomwepo.

Ndipotu ife Amalawi umembala tinali nawo kale tisanamve za makadi. Dzina lake ndi ukasitomala. Mayi wa tomato amene umamugula tsiku ndi tsiku amakuikira basela osapempha. Wa golosale ali ndi kakope kolembamo ngongole. Kunyanja, mwera ukaomba m'miyezi ya June ndi July asodzi osalowa m'madzi, mabanja ambiri amadya za m'kakope kameneka, n'kudzabweza usipa ukayamba kuphedwa. Ndiuzeni sitolo ya pa intaneti yomwe ingakupatseni mchere ndi sopo lero kuti mudzalipire mphepo ikaleka. Mtengo wa pa okala uli ndi kudikira kumeneku mkati mwake.

Sindikunena kuti a maokala onse ndi angelo. Alipo ena amene akamva kuti sitima yapita kokonzedwa, kapena kuti shuga wasowa m'dziko monga zinachitikira mu 2024, amakweza mtengo wa katundu yemwe anaoda kalekale. Alipo a masikelo opendekera. Amenewa foni iziwaulula ndithu, ndipo mabungwe monga CAMA ndi Competition and Fair Trading Commission asamangothera m'mizinda. Koma kusiyanitsa wakuba ndi munthu amene akungobweza ndalama ya ulendo wake kumafuna kuwerengera, osati kungoonetsa chithunzi.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ana a sukulu simuiganizira. Katundu samangopita ku Ruarwe, amachokanso kumeneko. Usipa umene mumadya ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, wina umachokera m'magombe omwewa. Wopikula akafika pagombe, nyimbo yake ndi imodzi: "Kutauni msika wagwa, nsomba zachuluka." Kale msodzi ankangovomera poti analibe pofunsa. Ku Kerala, m'dziko la India, katswiri wina dzina lake Robert Jensen anatsata asodzi kuyambira 1997 mpaka 2001, nthawi imene mafoni a m'manja ankafika kumeneko. Anapeza kuti asodzi atayamba kufunsa mitengo ya misika yosiyanasiyana ali m'madzi, kutaya nsomba kunatheratu, phindu lawo linakwera ndi 8 peresenti, ndipo ogula nawo anayamba kulipira motsikirapo ndi 4 peresenti. Foni yomweyo imene ikunyozetsa wa okala ingathe kulemeretsa msodzi.

Ndiye pempho langa lili patatu.

Inu ogulitsa pa foni, lembani mtengo wonse. Nenani poyera kuti mtengowu ndi wa pa sitolo, kufika pa Nkhata Bay ndi mwakuti, ndipo katundu akaonongeka panjira mlandu ndi wa uje. Kasitomala wa kunyanja akakukhulupirirani kamodzi, akubweretserani mudzi wonse.

Inu a maokala a m'magombe, mutu umodzi susenza denga. Anthu asanu kupita ku Mzuzu aliyense payekha ndi kulipira ulendo kasanu. Mutasonkha maoda anu, kutuma mmodzi kapena awiri, kulipira pa foni n'kukambirana ndi wa holoselo ngati gulu, mutha kupeza mtengo umene munthu mmodzi sangaupeze. Amayi a banki mkhonde anationetsa kale kuti kusunga kaundula ndi kukhulupirirana n'zotheka. Umenewo ndiye umembala umene phindu lake lingatsale pagombe.

Ndipo inu ophunzira, musanagule chilichonse pa foni kapena kulipira kadi iliyonse, dzifunseni: chifika ndi ndalama zingati pakhomo panga, chifika liti, nanga chikafika cholakwika ndikadandaula kwa yani? Ngati kadi ndi yolipira, werengani kuti mugule kangati pa mwezi kuti ndalamayo ibwerere. Mukapeza kuti simungakwanitse, isiyeni, si ya inu.

Ndipo sabata ino mukadutsa mu msika wa Mzuzu kapena wa Lilongwe, taimani pa mabenchi a nsomba, mufunse kuti ndowa ya usipa ikupita pa zingati. Mukatero muimbire amayi kumudzi, asanafike wopikula.