NTHENDA YA SHUGA NDI MANKHWALA A STEM CELL

 Lero tikambe za nthenda ya shuga, pakuti mbiri yafala kuti mankhwala ace apezeka.

Kuseri kwa cifu kuli kapamba. M'kapambamo muli timaselo topanga insulini, imene imatenga shuga m'magazi ndi kuilowetsa m'minofu. Timaseloti tikafa, shuga imangosefukira m'mkodzo. Munthu amva ludzu losatha, nawonda ngakhale akudya. Kuyambira 1922 odwala otere akhala ndi moyo cifukwa ca jekeseni ya insulini, koma jekeseni siiukitsa kapamba.

Tsono madotolo anati, bwanji tibzale timaselo tatsopano? Amatenga maselo osakhwima, ochedwa stem cell, amene angathe kusanduka ciwalo ciri conse, nawalera m'mbale kufikira aphunzira kupanga insulini. Pamenepo amawathira m'mtsempha wopita ku ciwindi. Mvetsani apa: kapamba wakaleyo sacira ai, ciwindi ndico cimasanduka munda watsopano. M'caka ca 2025 kampani ya Vertex ya ku America inalengeza kuti mwa odwala 12 amene analandira muyeso wathunthu, 10 anali ataleka jekeseni pakutha caka.

Zimenezi n'zodabwitsa ndithu, koma ziri ndi mtengo wace. Thupi limayesa maselo acilendowo adani, motero wodwala ayenera kumwa masiku onse mankhwala ofooketsa citetezo cace, ndipo mmodzi wa oyesedwawo anafa ndi nthenda youmitsa khosi. Ndiponso onsewo anali ndi shuga ya mtundu woyamba, imene kawirikawiri igwira ana. Akulu ambiri kwathu ali ndi ya mtundu waciwiri, imene kapamba akali kugwira nchito koma thupi silimvera insulini.

Cifukwa cace mukakumana ndi wamalonda wogulitsa timapaketi ta ufa ta dzina la stem cell, gwirani thumba lanu. Selo lamoyo silikhala m'ufa, ndipo likamezedwa cifu cimaligaya monga ndiwo. Ndalamazo tumizani kumudzi, amai akwere basi kunka ku cipatala ca St Francis ku Katete, kapena ku kiliniki ya pafupi, akapimitse magazi. Ngati ali pa insulini ndipo kulibe magetsi, botolo likhale pozizira, m'mphika wadothi wa mcenga wonyowa, ndipo asaleke jekeseni dotolo asananene.