MANDALA OJAMBULA: KODI WOJAMBULIDWAYO ANAMFUNSA NDANI?

Mwa zinthu zatsopano zimene amisiri a ku Amereka apanga m'zaka zino muli mandala a mtundu wachilendo. Powaona ali ngati mandala wamba amene aphunzitsi ndi akalaliki avala powerenga, koma m'kati mwake muli kamera, muli kachipangizo kotola mawu, ndiponso timakina tolumikizana ndi lamya ya m'manja. Mwini wake akangolankhula kapena kukhudza pambali, mandalawo ajambula zonse zili patsogolo pake. Chovuta chake n'chakuti wogula ndiye asankha kuwavala, koma wojambulidwa palibe amfunsa.

Kulephera kwa Google

Kampani ya Google inaonetsa mandala ake otchedwa Google Glass m'chaka cha 2012, ndipo mu 2013 inayamba kuwagulitsa kwa anthu osankhidwa pa mtengo wa madola 1,500. Mandalawa anali ndi kagalasi kooneka pamwamba pa diso la kumanja, kotero kuti aliyense anali kumzindikira wovalayo akali patali.

Anthu sanawalandire ndi manja awiri. Nyumba ina yomwera mu mzinda wa Seattle inawaletsa asanafike n'komwe m'masitolo. Mu May 2013 aphungu ena a Nyumba ya Malamulo ya Amereka analembera kalata mkulu wa kampaniyo, Bambo Larry Page, kufunsa za mmene adzatetezere anthu ojambulidwa osadziwa, ndipo mwezi wotsatira akuluakulu oyang'anira zinsinsi za anthu m'mayiko monga Canada, Australia ndi New Zealand anachita chimodzimodzi. Mu 2014 eni nyumba za kanema ku Britain anawaletsanso. Pofika mu January 2015 Google inaleka kuwagulitsa kwa anthu wamba. Inayesanso kuwapereka kwa ogwira ntchito m'mafakitale, koma mu 2023 malondawo anathera pomwepo.

Phunziro limene amalonda anatolapo

Ambiri anayesa kuti nkhaniyo yatha. Komatu amalonda anatolapo phunziro lina, lakuti chimene anthu anakana ndi kamera yoonekera poyera. Chotero mu September 2021 kampani ya Facebook, imene tsopano itchedwa Meta, inagwirizana ndi kampani yopanga mandala ya EssilorLuxottica n'kutulutsa Ray-Ban Stories pa madola 299. Awa anali ovuta kuwasiyanitsa ndi mandala a dzuwa. Mtundu wachiwiri unatuluka mu 2023, ndipo kumayambiriro kwa 2025 opangawo analengeza kuti agulitsa okwana 2 miliyoni.

Chizindikiro chochenjeza munthu kuti akujambulidwa ndi kanyali kakang'ono koyera kamene kayaka pakona. Maofesi oteteza zinsinsi a ku Ireland ndi ku Italy anadandaula mu 2021 pomwepo kuti kanyaliko kachepa kwambiri. Amene ajambula ndi lamya aikweza m'mwamba ndipo onse aona, koma wovala mandala angokuyang'ana monga achitira mnzako pokambirana. Meta inakonza kuti kanyaliko kawale kwambiri, ndi kuti kamera ikane kujambula munthu akakaphimba, koma ena apezabe njira zokazimitsira.

Choopsa choposa chinaoneka mu October 2024. Ophunzira awiri a pa Harvard University analumikiza mandalawa ndi PimEyes, makina a pa intaneti ofufuza nkhope za anthu. Anali kuyang'ana munthu wosamdziwa, ndipo posachedwa dzina lake, ntchito yake, ngakhale kumene akhala zinali kufika pa lamya yao. Iwo anakana kupatsa ena chida chawocho, nati cholinga chao chinali kuchenjeza. Koma zipangizo zonse zimene anagwiritsa ntchito zinali zopezeka kwa aliyense.

Zabwino zake zilipo

Si bwino kuweruza mbali imodzi. Munthu wakhungu atha kufunsa mandalawa kuti amuwerengere kalata kapena kumuuza chili patsogolo pake, ndipo mmisiri atha kuonetsa mnzake wakutali ntchito imene akugwira, manja ake onse awiri ali pa ntchitoyo. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kometa bwino ndi komwenso kacheka.

Udindo wa ofesi ndi sukulu

Katundu wotere sachedwa kuoloka nyanja, ndipo mtengo ukatsika afika kulikonse. Ku Malawi, Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lipatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, ndipo mu 2024 Boma linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri ya anthu. Koma lamulo lili m'buku siliimirira pakhomo la ofesi. Kalaliki wosunga mafaelo a anthu, namwino wa m'chipinda cha odwala, ndi mphunzitsi woyang'anira mayeso kapena ana aang'ono ndiwo adzayamba kukumana ndi mlendo wovala mandala otere.

Nchifukwa chake kuli koyenera kuti akulu a maofesi ndi a sukulu aganiziretu msanga. Pamene pali ponse paletsedwa kujambula ndi lamya, mandala ojambula aletsedwenso, ndipo chiletsocho chilembedwe pakhomo kuti wolowa aliyense achione. Wovala mandala otere auze anzake asanajambule, ndipo wina akakana, awavule. Anthu a ku Amereka ndi ku Ulaya anatha kukana Google Glass chifukwa anali kuiona. Mandala a lero saoneka msanga, ndipo chimene diso silingathe kugwira chiyenera kugwidwa ndi lamulo pamodzi ndi mwambo wa ulemu.