Chifukwa chake misika inali yotsegula pamene mabala anali atatsekedwa mu 2020

Kuyambira pa 1 Epulo 2020, dziko la Mozambique linali pansi pa malamulo apadera amene Pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi adalengeza pofuna kuthana ndi mliri wa Covid-19. Alimi ambiri a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba ankafunsa ngati angathebe kugulitsa zokolola zawo, popeza inali nyengo yokolola chimanga ndi soya.

Yankho linali lakuti inde. Misika inkaloledwa kutsegula kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Wogulitsa aliyense ankayenera kuvala chotchinga pakamwa ndi mphuno, ndipo anthu ankayenera kutalikirana mita imodzi ndi theka. Mabala ndi timashopu togulitsa mowa ndiye tinatsekedwa.

Kusiyanaku kunali ndi chifukwa chake. Kachilombo ka korona kamafala kudzera m'timadontho totuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula kapena kuyankhula. M'chipinda chotsekeka, momwe anthu amakhalitsa atapanikizana, timadonthoti timafika msanga kwa mnzako. Pabwalo mphepo imatimwaza, ndipo wogula sachedwa kuchoka. Komanso kutseka msika kungasowetse mabanja chakudya ndi ndalama.

Zipata zambiri za m'malire zinatsekedwa, koma cha Mandimba, choyang'anana ndi Chiponde ku Malawi, ndi cha Entre-Lagos zinali m'gulu la zimene zinasiyidwa zotsegula kuti katundu azidutsa.

Malamulowa anali a masiku 30, ndipo boma linali ndi mphamvu yowonjezera nthawi mliri ukapitirira.